Pumani, Bambo

Linali Lachinayi, 11 koloko ya m'mawa itangopitirira pang'ono. Nthawiyo ndimaidziwa chifukwa pakhoma la chipinda chojambulira cha kuchipatala panali wotchi yozungulira, ndipo ndinkayang'ana iyoyo poopa kuyang'ana singano. Amuna anga anali atagona pa bedi lopapatiza, atavula malaya, dzanja lamanja atalitsamira. Pansi pa nthiti zawo zakumanja panali patatupa kwa miyezi itatu.

Ogwira ntchito analipo awiri. Wina anali dokotala wochokera kumzinda, amene ankabwera Lachinayi lokha ndipo ankalankhula Chingerezi. Wina anali bambo ojambula, a kofia yoyera, amene ankayendetsa kachida ka sikani pamimba pa amuna anga uku akuyang'ana pagalasi la makina. Ankafuna kulowetsa singano yaitali m'chiwindi kuti aone ngati muli mafinya, ndipo makinawo ndiwo ankawalozera njira.

Ine anandilowetsa chifukwa amuna anga sankamva bwino. Anali asodzi a ku Ngala, makolo awo anachokera kumpoto, ndipo kuyambira kale ndiwo ankamira kukamasula ukonde ukakodwa m'miyala. Madzi anawawononga makutu. Lakumanzere lokha ndilo linkamva, nalonso mpaka munthu aweramire pomwepo.

"Mayi," anatero bambo ojambula, "ndikati tsopano, muwauze asapume. Kanthawi kochepa chabe."

Ndinavomera. Sindinaone chovuta. Munthu amene ankakhala pansi pa madzi mpaka anzake m'bwato kuyamba kuyang'anizana, kugwira mpweya kukanamuvuta chiyani?

Dokotala anabaya mankhwala oletsa ululu, kenako anatenga singano ija. Amuna anga anaiona. Zala zawo zakuphazi zinapindika. Zaka makumi awiri ndi ziwiri za banja lathu ndinali ndisanawaonepo ali ndi mantha.

"Tsopano," anatero bambo ojambula.

Ndinawerama pakhutu lija. Pakamwa panga panatuluka mawu amene ndinkawauza tsiku lililonse akabwera kunyanja atatopa, ine ndikuwayalira mphasa pakhonde.

"Pumani, bambo. Pumani."

Ndinkati akhazike mtima pansi. Iwo anandimvera monga ankandimverera nthawi zonse, koma anamva kupuma kwinako. Anakoka mpweya wambiri, chifuwa chonse n'kukwera. Dokotala anakuwa, nazula singano msangamsanga. Pa kansalu koyera panaoneka magazi. Namwino analowa, n'kundigwira pamkono kuti ndikadikire panja.

Madzulo ake dokotala anaitana alamu anga, akulu awo a amuna anga, n'kutseka nawo chitseko. Atatuluka ndinawafunsa kuti akuti chiyani.

"Akuti tikamwere mankhwala kunyumba, alamu," anatero, maso ali kumbali.

Patapita masiku anayi tinatuluka. Patapita masabata atatu, amuna anga anamwalira masana, pamphasa yomwe ija, maso awo ali achikasu ngati dzira.

Pamaliro, mkulu wa mpingo ananena kuti mnzathu wapita kukapuma. Ndinamva ngati wandiloza chala pakati pa anthu onse. Azichemwali a malemu ankalira akunena kuti, "Singano ija ndiyo yamupha! Anapita akuyenda yekha, wabwerako pamachira." Iwo ankanena chipatala. Ine ndekha ndinkadziwa amene anasuntha singanoyo. Sindinauze munthu, ngakhale mwana wanga wamkazi, ngakhale abusa. Mawu aja ndinawasiya. Mlendo akafika atatopa ndinkangoti, "Khalani pansi."

Buku lawo lakuchipatala ndinalikulunga m'pepala la shuga n'kuliika pansi penipeni pa sutikesi. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Chichewa chosindikizidwa ndimawerenga pang'onopang'ono, koma zolemba za madokotala ayi. Ndinkaganiza kuti m'menemo analembamo za ine.

Zaka ziwiri ndinalimbana ndi munda wa mpunga kudambo la Bua. Ndekha sindinkautha. Mayi wina wakutchalitchi anandiuza kuti kuchipatala akufuna okolopa, ndipo nditapita anandilemba ntchito. Ndinakolopa m'mawodi chaka chathunthu, chipinda chojambulira ndikuchilambalala ngati manda. Kenako tsiku lina mkulu wa anamwino anati kojambulira kukufunika munthu wamkazi wokhwima, woti azithandiza amayi kuvula ndi kuwaimirira pafupi. Anasankha ine. Kukana kukanafuna chifukwa, ndipo chifukwacho sindikanachinena.

Wotchi ija inali pakhoma pomwe paja. Bambo ojambula anali omwewo, kofia yomweyo. Anandiyang'ana, ine mtima uli m'mwamba.

"Takulandirani, mayi," anatero. "Kuno lamulo ndi limodzi. Musanditchule adokotala. Ine ndimangojambula, ochiza ndi ena."

Sanandizindikire.

Ntchitoyo ndinayamba kuikonda mosafuna. Mbali ina ya chipinda kuli makina a ekisire, mbali ina a sikani. Ku ekisire chilichonse cholimba chimene munthu wavala chimaoneka pachithunzi, ndiye ntchito yanga yoyamba inali mikanda. Mayi amabwera atavula ndolo ndi zibangiri, n'kulumbira kuti palibe chatsala, koma m'chiuno muli mizere isanu. Gogo wina wa kufupi ndi Bua anakanitsitsa.

"Amuna anga anapita kumanda osaiona itavulidwa," anatero. "Ndiye ndivulire bambo a kofiawa?"

"Agogo, yanuyo sindikuifuna," anayankha iwo ali kuseri kwa katani. "Kunyumba ndili nayo yondikwanira."

Gogoyo anaseka mpaka kutsokomola, n'kundilola kuti ndiikwezere m'chifuwa. Za hirizi, tizikwama ta mawu opatulika timene ena amavala m'khosi, bambo ojambula ankazidziwa bwino chifukwa ndi a banja lachisilamu la m'tauni momwemo. Anandiphunzitsa kuti ndisamanene kuti "chotsani". Ndizinena kuti, "Igwireni m'manja, ikhale nanu."

Ndikafunika kugwira wodwala pa ekisire ndinkavala epuloni yolemera, ya mtovu mkati, mtovu womwewo umene amuna anga ankamangirira kunsi kwa ukonde. Ku sikani sikufunika epuloni. Kumangofunika mafuta ozizira opaka pamimba, ndi maso. Odwala akachepa, bambo ojambula ankandionetsa pagalasi. Chakuda bii ndi madzi. Choyera mbee ndi fupa kapena mwala. Singano imaoneka ngati kamzere koyera kakuyenda pang'onopang'ono.

"Ichi ndi chiwindi," anatero tsiku lina. "Taonani wodwala akapuma."

Ndinaona. Chiwindi chinatsika, n'kukweranso, ngati bwato lomangidwa pagombe tsiku la mwera. Mpweya umodzi wokha unkachisuntha kutalika kwa zala zitatu. Ndinapita kuchimbudzi n'kukadzitsekera kumeneko. Zimene kale ndinkangoganiza, tsopano ndinali nditaziona ndi maso.

Lachinayi ndilo linali tsiku la singano. Dokotala wobwera, amene tsopano anali wina, wamkazi, ankachotsa madzi m'zifuwa, mafinya m'zotupa zamkati, nthawi zina kanyama kochepa koti kakapimidwe. Ine ndinkayala nsalu, kubweretsa mbale ya zida, kugwira wodwala dzanja. Koma ikafika nthawi yonena za mpweya, pakamwa panga pankauma.

"Mayi awa Lolemba mpaka Lachitatu ndi wailesi," ankatero bambo ojambula kwa dokotala. "Lachinayi mabatire amatha."

Ndinkangomwetulira.

Lachinayi lina kunabwera bambo wodula nzimbe wa ku Dwangwa, chimunthu chachitali choti mapazi ankapitirira bedi. Anali ndi chotupa pamalo omwe aja, pansi pa nthiti zakumanja. Thupi linali moto, koma pakamwa sipankatseka.

"Singano imeneyo ndi ya munthu kapena yosokera matumba?" anafunsa.

"Ya anthu aang'ono inatha," anatero bambo ojambula. "Gonani bwino, achimwene. Ndikati tsopano, musapume."

Singano inalowa. Ndinkaona kamzere koyera kakuyandikira dziwe lakuda pakati pa chiwindi. Ndiye mwadzidzidzi munthu uja anakoka mpweya wonse wa m'chipindamo. Chifuwa chinakwera. Dokotala anazula singano. Mbale imene ndinanyamula inagwa pansi, phokoso lake mpaka kukhonde.

Ndinadikira kuti wina akuwe. Palibe anakuwa.

"Achimwene, mwatisunthira bwato," anatero bambo ojambula. "Mumadula nzimbe tsiku lonse padzuwa, kupirira pang'ono pokha kwakukanikani?"

"Ndinaiwala, abwana. Ndakhala ndikupuma chibadwire."

Dokotala anaseka. Anayendetsa kachida kaja uku ndi uku, kuyang'ana ngati mukutuluka magazi mkati, anadikira pang'ono, kenako anayambiranso. Mafinya anatuluka ofiirira ngati madzi a Bua m'dzinja, masirinji angapo.

Usana umenewo sindinadye. M'mawa mwake ndinadzera kuwodi ya amuna ndisanayambe ntchito. Ndinamupeza atakhala tsonga akukangana ndi mnzake za mpira. Ndinapitanso tsiku lotsatira, ndi linalo. Anatuluka. Ndinawerenga masabata atatu pa zala, ndikudikira kumva uthenga. Patatha mwezi ndi theka anatulukira pakhomo la chipinda chojambulira atasenza mtolo wa nzimbe, atanenepa.

"Izi ndi zakumunda kwanga, musaope," anatero. "Mayi ogwetsa mbale aja ali kuti? Zazikuluzi ndi zawo."

Madzulo a tsiku limenelo ndinatsegula sutikesi.

Lachisanu masana kumakhala zii, odwala ambiri amakhala atapita. Ndinadikira bambo ojambula abwere kumzikiti. Atakhala pampando wawo, ndinaika buku lija patebulo lili m'pepala lake la shuga.

"Abwana, mundiwerengereko."

"La ndani?"

"La amuna anga. Anagona pa bedi ilo. Inu munalipo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Wallahi, mayi, sindikukumbukira."

Ndinawafotokozera zonse, za khutu, za wotchi, za mawu aja. Kanali koyamba kuwatulutsa pakamwa chichokereni tsiku lija, ndipo anatuluka aang'ono kuposa mmene ndinkawamvera mkati. Iwo sanaseke, sanandidule. Anavala magalasi n'kuyamba kutembenuza masamba.

"Apa analemba ndi dokotala uja. Apa ndinalemba ndine, dzanja langa ili, loipa ngati mapazi a nkhuku." Anaika chala pamzere. "Singano inalowa kawiri. Koyamba wodwala anapuma, tinazula. Kachiwiri inafika. Mafinya sanapezeke. Chinali chotupa cholimba, ndi tina ting'onoting'ono tofalikira chiwindi chonse. Khansa, mayi. Inali itapita kale patali."

"Nanga magazi aja?"

"Apakhungu. Aliyense amatuluka." Anatembenuza tsamba. "Sindikunamizani, kupuma singano ili mkati kumatha kung'amba. N'chifukwa chake timaletsa, n'chifukwa chakenso timaunikanso pambuyo pake. Taonani apa. Tsiku lomwelo madzulo ndinawajambula, mulibe magazi. M'mawa mwake ndinawajambulanso, mulibe magazi. Munthu wong'ambika mkati sakhala masabata atatu. Ndipo zikanakhala choncho, nkhope yanu sindikanaiiwala mpaka lero."

Ndinafunsa kuti andiwerengerenso pamene pakuti mulibe magazi. Anawerenganso. Ndinati andilozere liwu lenilenilo. Anandilozera, timalemba tingapo topendekera.

"Za ine sanalembe?"

"Palibe. Apa pomaliza pokha akuti, matenda afotokozedwa kwa mkulu wake wa wodwala." Anavula magalasi. "Sanakuuzeni?"

Ndinapukusa mutu.

"Zaka zonsezi, mayi? Ndipo chaka chathunthu muli pano, buku lili kunyumba, ine ndili apa ndikukusekani za mabatire?"

Ndinalira, koma sikunali kulira kwa pamaliro kuja. Kunali ngati pamene watula mtolo wa nkhuni umene wachoka nawo kutali, khosi likupwetekabe koma mutu wapepuka mpaka ukuyenda ngati waledzera. Iwo anatuluka, n'kubwera ndi tiyi wa shuga wambiri m'kapu yawo yomwe. Kenako anasenda nzimbe imodzi ya munthu uja. Tinatafuna limodzi.

Loweruka ndinakwera minibasi yodzera ku Dwangwa n'kutsikira ku Ngala. Alamu anga ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde. Anali atakalamba. Titapatsana moni, ndinatulutsa buku.

"Alamu, dokotala anakuuzani chiyani tsiku lija?"

Chingwe chinaima m'manja mwawo. Anayang'ana bukulo, n'kuyang'ana kunyanja.

"Anati palibe chochita. Anati mwina mwezi."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanakuuzani inu, iye akanaona pankhope panu. Mukudziwa mmene ankakuwerengerani. Ndinati afe akuyembekeza kuchira." Anamanga mfundo pa ukonde. "Pambuyo pake alongo anga atayamba za singano, ndinati zisiyeni, singano ilibe mbale woti akwiye. Ndinkati ndikukutetezani, alamu."

Ndinawauza zimene ndinasenza. Anaika ukonde pansi, n'kugwira mutu ndi manja onse awiri.

"Ada, ada," anatero m'chilankhulo cha kwawo. "Ine ndimati ndabisa njoka, osadziwa kuti ndaiika m'nyumba mwanu."

Ndinayesa kuwakwiyira m'minibasi popita, ndinali nditakonza ndi mawu omwe. Koma nditafika mkwiyowo sunapezeke. Mtima unali utapepuka kwambiri moti panalibe pomangirira mkwiyo. Ndinangowapempha chinthu chimodzi, kuti akauze azichemwali awo dzina la matendawo. Anavomera. Anandiperekeza mpaka kumsewu atanyamula kathumba ka usipa wouma, ndipo tili m'njira anandikumbutsa tsiku limene amuna anga anamira kukafuna wailesi ya mnzawo imene inagwera m'madzi, n'kutuluka nayo akuigwedeza pakhutu lakufa lija, akuti, "Yasiya kulankhula." Tinaseka mpaka kondakitala anatifunsa ngati tikukwera kapena ayi.

Sindikunena kuti mawu aja anali olondola. Ndinalakwitsa. Dokotala anazula singano chifukwa cha ine, ndipo amuna anga anabayidwa kawiri m'malo mwa kamodzi. Chimenecho ndimachivomera, ndipo n'chaching'ono moti ndimatha kuchinyamula. Chimene ndimaganiza tsopano n'chakuti munthu wamantha anamva mawu a mkazi wake pakhutu, akunena zimene ankamva tsiku lililonse pofika pakhomo. Mwina anawamva molakwika, mwina anawamva bwino. Sindidzadziwa, ndipo sizindisowetsanso tulo.

Lolemba lake ndinauza bambo ojambula kuti liwu lakuti "musapume" silabwino. Munthu wamantha, kapena wosamva bwino, amangomva kumapeto kwake. Komanso amene wabwera ndi wodwala amafuna kumutonthoza, ndipo liwu lotonthozera ndi lomwelo.

"Ndiye tizinena chiyani, aphunzitsi?"

"Tisiye liwu limenelo. Tiziti kokani, gwirani, tulutsani. Ndipo aziyeserera singano isanatuluke m'pepala."

"Mabatire abwera," anatero kwa dokotala Lachinayi lotsatira.

Ndikugwirabe ntchito m'chipinda chomwecho. Lachinayi ndimafika msanga, n'kukhala ndi wodwala aliyense pabenchi asanalowe. Ndimafunsa khutu limene limamva bwino. Timayeserera katatu, dzanja langa lili pachifuwa chake. Akakhala msodzi ndimamuuza kuti achite ngati akumira kukamasula ukonde. Akakhala mayi ndimati achite ngati akudutsa pautsi wa zinyalala. Amene wabwera naye ndimamuuza kuti agwire phazi, kulankhula andisiyire ine. Dokotala akatuluka kukaitana achibale, ndimafunsa ngati mkazi wake waitanidwa nawo, ndipo ngati sanaitanidwe ndimapita kukamutenga.

Singano ikamalowa ndimaima kumutu kwa bedi ndi kunena kuti kokani, gwirani. Ikatuluka, dokotala akamata bala, ndimawerama pakhutu la wodwala n'kumuuza kuti, "Zatha. Pumani tsopano."